Fodya wa Pachala

Akuluakulu amati fodya n'uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Amanena fodya wopera uja agogo amatapa m'kabotolo ndi zala ziwiri. Kuchoka pachala kukafika pamphuno si patali, koma pakamtunda komweko mphepo imatha kudutsa n'kumusiya munthu akununkhiza chala chopanda kanthu. Mwambiwu anaupeka anthu amene anadikirirapo zinthu zomwe analonjezedwa, zinthuzo osabwera.

Ndalama ya pepala ndi fodya wa pachala. Siidyeka, siifundika. Imangokhala pakati pa thukuta lomwe wakhetsa dzulo ndi chakudya chomwe udye mawa, ndipo chimene chimaigwira pamenepo ndi mawu a amene anaisindikiza basi. Anthu a ku America anaiona nkhaniyi dziko lawo likungobadwa kumene, ndipo anatsala ndi chonena chomwe chinayenda mibadwomibadwo: akafuna kunyoza chinthu kuti n'chachabechabe, amati sichikwana ngakhale Continental imodzi. Continental inali ndalama yoyamba ya dziko lonselo. Dziko lomwe dola yake amalonda athu amaisakasaka lero m'mabanki linayamba ndi ndalama imene mlimi ankaikana, ngakhale woiperekayo ali ndi mfuti paphewa.

Nkhondo yofuna kudzilamulira inabuka mu April 1775 ku Lexington ndi ku Concord, m'chigawo cha Massachusetts. Zigawo 13 zomwe zinali pansi pa mfumu George III ya ku Britain zinatumiza nthumwi ku Philadelphia, ndipo msonkhano wa nthumwizo, Continental Congress, ndi umene unasanduka boma. Linali boma la manja omangika. Mphamvu yolemba asilikali linali nayo, yosankha George Washington kuti awatsogolere linali nayo, koma yodula msonkho ngakhale wa khobidi limodzi linalibe. Likafuna ndalama linkapempha zigawo, ndipo zigawozo zinkapereka pang'ono, mochedwa, mwinanso osapereka n'komwe. Nanga ndani akanalimba mtima kutchula za msonkho, pomwe mkangano wonse ndi Britain unayambira pa misonkho imene nyumba ya malamulo ya ku London inkaika osawafunsa? Golide ndi siliva m'dzikomo zinali zosowa. Ndalama yomwe aliyense ankaikhulupirira inali dola yasiliva ya ku Spain, yosulidwa kumadera monga Mexico ndi Peru, ndipo sinkakwanira. Choncho pa 22 June 1775, patangotha masiku asanu chimenyedwere nkhondo ya ku Bunker Hill, nthumwi zinagwirizana zosindikiza mapepala okwana madola 2 miliyoni.

Kapepalako ndi kofunika kukayang'anitsitsa. Kanali kakang'ono, kokwana m'chikhatho, kosindikizidwa ndi Hall and Sellers ku Philadelphia komweko, pa pepala lokhuthala lokhala ndi tiulusi tabuluu ndi tizidutswa tonyezimira ta mwala wa mica. Kumbuyo kwa mapepala ambiri kunali chithunzi cha tsamba lenileni, mitsempha yake yonse ikuoneka. Lusoli anayambitsa ndi Benjamin Franklin zaka zambiri m'mbuyomo pofuna kugonjetsa opanga ndalama zabodza, poti palibe mmisiri angajambule tsamba mtsempha ndi mtsempha osaphonya. Nambala ndi siginecha zinkalembedwa pamanja, pepala lililonse palokhapalokha. Kunali la madola 3, la madola 7, la madola 8. Mu February 1776 kunatuluka tina tosakwana dola, tokhala ndi unyolo wa mphete 13 zolumikizana, mphete iliyonse ili ndi dzina la chigawo chake. Munthu akakagwira amaona kuti okakonzawo sankasewera, anaikapo mtima. Koma chenicheni chinali mawu a kutsogolo, onena kuti mwini pepalali ayenera kulandira madola akutiakuti asiliva a ku Spain, kapena golide kaya siliva wolingana nawo. Tsiku lolandirira pa pepalapo panalibe. Nthumwi zinangopangana kuti zigawo zidzayamba kuwombola mapepalawo ndi misonkho mu 1779, poganiza kuti pofika nthawi imeneyo mfuti zidzakhala zitaleka kulira.

Poyamba anthu anawalandira bwino ndithu. Mu 1775 anasindikiza madola 6 miliyoni, mu 1776 madola pafupifupi 19 miliyoni, zinthu n'kumayendabe. Koma nkhondo sinathe. Mu 1778 anatulutsa oposa 60 miliyoni, ndipo mu 1779 mokha pafupifupi 140 miliyoni. Onse pamodzi anapitirira madola 240 miliyoni, m'dziko la anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, osawerengera mapepala ena omwe chigawo chilichonse chinkadzisindikizira. Pamene mapepala ankachuluka choncho, tirigu, ng'ombe, nsapato ndi mchere sizinkachuluka nawo. Amuna ambiri anali atasiya makasu, ndipo zombo za Britain zinkatchinga madoko. Kumayambiriro kwa 1778 dola imodzi yasiliva inkagulidwa ndi mapepala anayi. Chaka chotsatira inafika pa asanu ndi atatu, ndipo 1779 isanathe inali pafupifupi pa 40. Mu April chaka chimenecho Washington analembera John Jay, yemwe ankatsogolera Congress, kumudandaulira kuti ngolo yodzaza ndi ndalama ikuvutika kugula ngolo yodzaza ndi chakudya.

A Britain nawo anathira mafuta pamoto. Ankasindikiza ma Continental abodza, ena m'chombo chawo chankhondo cha Phoenix chomwe chinakocheza pafupi ndi New York, ndipo mu April 1777 nyuzipepala ya mumzindawo inalengeza poyera kuti aliyense wopita kuzigawo zina abwere adzatenge ndalama zabodza zochuluka momwe angafunire, angolipira mtengo wa pepala. Abodzawo anachuluka mpaka Congress inachotsa pamsika mapepala onse a pa 20 May 1777 ndi a pa 11 April 1778. Komabe sindikhulupirira kuti mdani ndiye anapha ndalamayi. Anangoifulumizitsa ku manda komwe inali ikupita kale.

Malo amene ndimaimapo nthawi yaitali ndikaganiza za nkhaniyi ndi Valley Forge. M'nyengo yozizira ya 1777 kulowa 1778, asilikali a Washington okwana pafupifupi 12,000 anamanga timisasa tamitengo kumeneko, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Philadelphia, mzinda womwe a Britain anali ataulanda. Pafupifupi 2,000 anafera pomwepo, ambiri ndi matenda omwe amagwira thupi lanjala ndi lausiwa. Ena ankayenda opanda nsapato pa chisanu. Chonsecho dera la Pennsylvania silinali pa chilala. Nkhokwe zinali ndi chakudya, makola anali ndi ng'ombe. Koma mlimi anali ndi ogula awiri. Wina, wa kwawo, ankabwera ndi mapepala kapena kakalata kolonjeza kuti boma lidzalipira. Winayo, mdani, ankalipira golide ndi siliva wolira ngwee pa tebulo. Ngolo zambiri zinalowera ku Philadelphia.

N'zosavuta kumutcha mlimiyo wogulitsa dziko, ndipo Congress inamutchadi choncho. Mu January 1776 inali italamula kale kuti wokana mapepalawa atengedwe ngati mdani wa dziko, anthu asachite naye malonda kapena kucheza naye. Zigawo zinaika malamulo oletsa kukweza mitengo, katundu n'kungosowa m'masitolo. Ku Philadelphia mu October 1779 asilikali a m'deralo, atatopa ndi kukwera kwa mitengo, anakazinga nyumba ya loya James Wilson, mfuti zinalira, anthu anafa. Koma taganizirani bambo amene walima chaka chathunthu, ali ndi ana oti adye mpaka kukolola kwina. Akagulitsa ng'ombe yake lero n'kulandira mapepala, pofika mwezi wobzala mapepalawo sagula ngakhale thole. Iye sanawerenge mabuku a zachuma, anangochita zimene mwambi wathu uja umalangiza. Sindingamuweruze.

Chimene chimandivuta n'chakuti mwambiwo sunena kanthu za munthu amene anasunga fodya pachala chifukwa choti mtundu wake unamupempha kutero. Msilikali wamba ankalandira madola 6 ndi magawo awiri mwa atatu a dola pamwezi. Pa mtengo wa 40 pa imodzi, malipiro a mwezi wathunthu wogona panja ndi kuomberedwa ankatsala masenti osakwana 20 asiliva, ndipo nthawi zambiri ngakhale amenewo sankabwera. Iye analibe mwayi wokagulitsa ntchito yake kwa wogula wina. Mu May 1780 magulu a asilikali a ku Connecticut anagalukira ku Morristown chifukwa cha njala, ndipo pa 1 January 1781 a ku Pennsylvania anachitanso chimodzimodzi. Chodabwitsa n'chakuti pamene a Britain anawatumizira amithenga kuti abwere mbali yawo adzalipidwe, a ku Pennsylvania aja anawagwira amithengawo n'kuwapereka kwa akuluakulu awo. Ankafuna malipiro awo, koma dziko lawo sanaligulitse.

Kumbuyo kwa msilikaliyo kunali enanso ofatsa omwe sakanatha n'kugalukira komwe. Popeza lamulo linkati pepala ndi lofanana ndi siliva, amene anakongola siliva nkhondo isanayambe ankabweza mapepala, ngongole n'kuthera pomwepo. Zinafika poti wangongole ndiye ankathamangitsa mwini ndalama kuti amubwezere, mwini ndalamayo n'kumabisala. Mayi wamasiye amene mwamuna wake anamusiyira ndalama zokongoza kuti azidya chiwongoladzanja, mwana wamasiye amene chuma chake chinasungidwa mpaka adzakule, m'busa ndi mphunzitsi a malipiro osasintha, onsewa anasauka ali m'nyumba zawo, popanda wakuba wothyola chitseko. Franklin, ali ku France kopempha thandizo, anaiona bwino nkhaniyi. Iye anati kugwa kwa ndalamayi kunkagwira ntchito ngati msonkho, poti aliyense ankataya kenakake pa masiku omwe pepala lakhala m'thumba mwake, ndipo nkhondo inalipiridwa mwa njira imeneyo. Iye yemwe anavomerezanso kuti olandira malipiro, akazi amasiye ndi ana amasiye ndiwo ankapwetekeka kwambiri. Apa ndi pamene pagona nkhani. Msonkho umene anthu anaukana pakhomo unalowera pazenera, ndipo sunafunse kuti wolemera ndani. Wamalonda wochenjera ankalandira pepala m'mawa, pofika madzulo waligulira kale mchere kapena malo. Msonkhowu unagwera kwambiri amene anali wochedwa, wakutali ndi msika, ndi amene anakhulupirira.

Anthu atataya chikhulupiriro anabwerera ku zinthu zogwirika. Ku Virginia, komwe fodya anali ndalama kuyambira zaka za m'ma 1600, ankawerengeranso mitengo ndi ngongole m'mapaundi a fodya. Chigawo cha Massachusetts mu 1780 chinapatsa asilikali ake zikalata zomwe mtengo wake unamangiriridwa ku chimanga, nyama yang'ombe, ubweya wa nkhosa ndi chikopa chopangira nsapato, kuti zinthuzi zikakwera, ngongole ya boma ikwere nazo. Imeneyo inali nzeru yachilungamo. Koma kunalinso njira ina yomwe munthu wa ku Africa sangaidutse mwakachetechete. Ku South Carolina mu 1781, mkulu wa asilikali Thomas Sumter, posowa ndalama zoti anthu n'kuzilandira, analonjeza kuti aliyense wolowa usilikali kwa miyezi khumi adzapatsidwa kapolo, wolandidwa kwa omwe anali mbali ya mfumu. Pepala litafa, munthu wakuda ndiye anasanduka malipiro pa nkhondo yomenyera ufulu. M'chonena chija chokhudza Continental mulibe malo a iyeyo.

Kwathu kuno timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, kutanthauza kuti mawu akatuluka pakamwa pa mfumu sabwezedwa. Mu September 1779 Congress inatumiza kalata kwa anthu onse kuwatsimikizira kuti mapepala awo adzawomboledwa ndithu, ndi kuti dziko lophwanya lonjezo lotere lingakhale chitonzo pakati pa mitundu. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, pa 18 March 1780, Congress yomweyo inalengeza kuti madola 40 a pepala aziwerengedwa ngati dola imodzi yasiliva. Ndi cholembera chokha, ngongole ya madola 200 miliyoni omwe ankayenda nthawiyo inatsala 5 miliyoni. Amene anamvera kalata ya mu September n'kusunga mapepala ake ndiye analira kwambiri. Pofika May 1781 mapepalawo analeka kuyenda. Nyuzipepala ina ya ku New York, yomwe inali mbali ya mfumu, inalemba kuti ku Philadelphia anthu anayenda m'misewu atasomeka ndalamazo pazipewa, akukoka galu yemwe anamupaka phula n'kumumata mapepalawo thupi lonse. Ndipo pamene asilikali ankapita ku Yorktown kukamaliza nkhondo chaka chomwecho, Robert Morris, woyang'anira chuma, anachita kubwereka siliva kwa mkulu wa asilikali a France, Rochambeau, kuti awapatse malipiro a mwezi umodzi. Kwa ambiri a iwo, aka kanali koyamba kulandira ndalama yachitsulo chiyambire usilikali.

N'chifukwa chake chonena chija chimandiwawa ndikachimva. Chimanyoza pepala, ngati kuti pepalalo ndilo linalakwa. Komatu pepalalo ntchito yake linagwira. Linagula onga, mahatchi, mabulangete ndi ufa kwa zaka pafupifupi zisanu, makamaka nthawi imene kunalibe njira ina, France isanalowe nkhondo mu 1778 n'kuyamba kuthandiza poyera. Popanda Continental gulu la Washington likanabalalika chaka chachiwiri chisanathe. Walira mvula walira matope, inde, ndipo anthu omwe anafuna ufulu anayenera kuulipira. Funso ndi lakuti matopewo anaponda ndani. Mtengo wa pepala lililonse sunasungunuke mumlengalenga. Unachoka m'thumba la munthu wina wake n'kukasanduka chipolopolo kapena nsapato ya msilikali. Tikati chinthu sichikwana Continental, timaseka chiphaso cha ngongole imene sinabwezedwe, n'kuiwala amene anakongoza.

Abale athu ambiri omwe makolo awo anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe sangafune kuwafotokozera zimenezi. Anaona penshoni ya zaka makumi atatu ikutha mphamvu mu 2008, ndipo mu January 2009 kunatuluka pepala limodzi lolembedwa madola 100 thililiyoni. Kumenekonso pepalalo ndilo linatchuka, alendo n'kumaligula ngati chikumbutso, pomwe mayina a okalamba amene anataya zonse sakudziwika.

Atsogoleri a America phunziro lawo anatolapo, ndipo linali lokhudza pepala. Polemba malamulo oyendetsera dziko ku Philadelphia mu 1787, analetsa zigawo kusindikiza ndalama zawozawo kapena kukakamiza munthu kulandira china chilichonse pa ngongole kupatula golide ndi siliva. Anafufutanso mawu omwe akanapatsa boma lalikulu mphamvu yosindikiza mapepala otere, koma analipatsa chimene linkasowa nthawi yonse ya nkhondo, mphamvu yodula msonkho. Mpaka mu 1862, pa nkhondo yapachiweniweni, m'pamene boma linatulutsanso ndalama za pepala zokakamiza aliyense kulandira.

Nanga omwe anatsala ndi mapepala m'mabokosi? Mlandu suola, ndipo mu 1790 nkhaniyi inafika m'nyumba ya malamulo. Alexander Hamilton, nduna ya zachuma, anakonza zoti boma latsopano lisenze ngongole za nkhondo kuti mayiko ndi amalonda alikhulupirire. Lamulo la mu August chaka chimenecho linati ma Continental alandiridwe pa mtengo wa 100 pa imodzi, senti imodzi pa dola, ndipo ngakhale sentiyo sinaperekedwe m'manja koma m'zikalata zina za boma. Zikalata zomwe asilikali anapatsidwa pomaliza nkhondo m'malo mwa malipiro, zimenezo zinalemekezedwa pa mtengo wake wolembedwa. Koma pofika nthawiyo ambiri anali atazigulitsa kalekale motchipa kwa anthu andalama, kuti apeze chakudya ndi yoyendera pobwerera kwawo. Mbiri ya zomwe Hamilton ankakonzazi itamveka ku New York, lamulolo lisanakhazikitsidwe n'komwe, ogula anathamangira kumidzi yakutali kukasesa zotsala, eniake asanamve. Phungu James Madison anaimirira n'kupempha kuti phindulo ligawidwe, wogula alandire gawo lake koma yemwe anakhetsa magazi alandirenso kanthu. Hamilton anati kufufuza mwini woyamba wa chikalata chilichonse n'kosatheka, ndipo kungaphe chikhulupiriro pa zikalata za boma. Mfundo yake inali ndi mutu, ndipo chuma cha dzikolo chinaimadi pa maziko amenewo. Koma ine mtima wanga uli kwa Madison. Anagonja pa mavoti 36 kwa 13.

Joseph Plumb Martin analowa usilikali ku Connecticut mu 1776 ali ndi zaka 15. Anali ku Valley Forge, anali nawo pa kugalukira kwa mu 1780, anafika mpaka ku Yorktown. Nkhondo itatha anakakhala ku Maine, komwe anakalamba ali wosauka. Lamulo lopereka penshoni kwa asilikali wamba ngati iye linadza mu 1818, patatha zaka 35 nkhondo itatha: madola 8 pamwezi, kwa okhawo osowa pogwira. Mu 1820 anawonjezera kuti wopempha aliyense azikaonekera kubwalo la milandu ndi mndandanda wa katundu wake yense, mipando, miphika, nkhumba ngati ali nayo, kuti boma litsimikize kuti ndi mmphawidi. Akazi amasiye a asilikali wamba anayamba kuganiziridwa mu 1836, ndipo ambiri mwa omwe analipobe anali atapitirira zaka 70.